Mabawuti m'Timasokosi ta Kabatani

3 Okutobala

Okondedwa bambo a Kabatani,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku damu, ndipo fumbi la simenti silikukupwetekani. Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Ndikulemba mothamanga chifukwa dalaivala wa lole ya simenti wanena kuti sadikira, ndiye mukapeza zilembo zopindika mundikhululukire. Kukanakhala kuti kumapiri kwanuko foni imagwira, ndikanangokulirirani pa foni basi.

Kabatani anabanikanso Lachiwiri. Mphumu ija. M'chifuwa munayamba kulira kamluzu, milomo n'kuyamba kuda. Ndinamunyamula kuthamangira ku galimoto, Chinjovu chanu chija, kulowetsa kiyi, kupotokola, chinangoti "tcha!" kenako zii. Kubwereza, "tcha!" Chigalimoto chonse chija, matayala ofika m'chiuno mwanga, kungokhala phee ngati chulu. Mwayi wake msewu udakali wouma, ndiye wanjinga yamoto anatithamangitsira kuchipatala. Mwana ali bwino tsopano, akumenya mbale ndi supuni pansi apa.

Koma anamwino andiuza mosabisa kuti dzinja likayamba, mwana ameneyu asakhale kutali ndi chipatala popanda choyendera. Inu mukudziwa kuti mvula ikagwa, kudambo kuja sikudutsa njinga kapena kagalimoto kakang'ono, koma Chinjovu chokha. Amayi anu amva nkhaniyi. Atumiza mawu kuti abwera kudzatenga Kabatani, akakhale naye ku tauni mpaka mvula itatha. Ine akuti nditsale ndisunge nyumba, mbuzi ndi munda, poti chipinda chawo n'chimodzi, makina osokera ndi bedi zinadzaza kale.

Bambo a Kabatani, mwanayu akuyamwabe. Sagona asanagwire khutu langa. Dzinja lonse akakhale kwina, pobwera adzandiitane kuti azakhali? Ayi, ine sindingathe.

M'bokosi lomwe munasiya kunsi kwa bedi ndapeza chitsulo chija munagula musanaitanidwe ku ntchito, chomwe munkati ndi sitata yatsopano, yolizira injini. Ndiuzeni imalowa pati. Musandiseke. Yankhani ndi lole yomweyi, chonde.

Ndine mkazi wanu,
Amake Kabatani

12 Okutobala

Amake Kabatani,

Kalata yanu yandipeza ndili moyo, kungoti ndikayetsemula mumatuluka simenti. Ndinaiwerenga ndili chilili, koma pofika pa milomo ya mwana ndinakhala pa thumba la simenti. Mumpsompsonere pachipumi, mumuuze kuti ndi bambo ake.

Za Chinjovu musade nkhawa. "Tcha" ameneyo ndi sitata. Ndinkadziwa kuti yatsala pang'ono kufa, n'chifukwa chake ndinagula ina. Ntchito yake ndi yophweka. Sitata imakhala kunsi, chakumbali, pomwe injini imakumana ndi giyabokosi. Mabawuti awiri, waya wonenepa ndi waya wowonda, basi kwatha. Pa lole ya abwana anga akale ndinkasintha tiyi asanazizire. Pa Chinjovu sindinasinthepo, koma galimoto ndi galimoto. Mbuzi iliyonse mchira umakhala kumbuyo.

Ndiye pitani kwa makaniko wa pamphambano uja, mumuuze kuti ndakutumani ndine. Iye alowe kunsi, inu mungomugwirira tochi. Sipanala musakhudze, manja anuwo ndi olerera mwana.

Za Amayi, musakangane nawo. Mukuwadziwa, pakamwa ndi lumo koma mtima ndi thonje. Galimoto ikalira iwo asanafike, adzasowa chonena. Tchuthi andikaniza mpaka khoma la damu litatha, akuti mvula isatipeze lili pakati.

Kodi mbuzi yamawanga ija inaswa? Ndiuzeni.

Amuna anu

24 Okutobala

Bambo a Kabatani,

Moni. Tili bwino, mbuzi inaswa tiwiri. Khalani pansi kaye musanapitirize kuwerenga.

Makaniko wakana. Nditangotchula galimoto yathu anagwira mutu, amvekere, "Mlamu, amene anapanga galimoto zimenezo alibe m'bale wake makaniko. Ukatsegula boneti suona pansi, dzanja sililowa, zonse anangopanikiza ngati katundu wa munthu wosamuka. Ine zimenezo sinditsegula. Ikokereni ku tauni." Nanga njovu angaikoke ndani? Koma si munthu woipa. Wandibwereka sipanala yaitali ya khosi lopindika, ndipo wandilumbiritsa kuti waya wa batire uchotsedwe kaye munthu asanakhudze kanthu. Iye akuganiza kuti ndikukapatsa mwamuna wina wake.

Ndinayala katoni, ndinalowa kunsi ndekha. Bambo a Kabatani, mbuzi iyi mchira wake suli kumbuyo! Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere. Ndinamasula chilata chotchinga kunsi, chinandigwera pachifuwa, dothi lonse m'maso, podzidzimuka mutu kugunda chitsulo. Sitata kulibe. Ndinatuluka n'kumenya tayala ndi phazi, chala chatupa mpaka lero. Tayala silinamve kanthu.

Kenako ndinaganiza kuti waya wonenepa munanena uja uyenera kuchokera ku batire. Ndinautsatira ndi dzanja ngati mmene timalondolera dzungu poyanga pake. Wapita, wakhota, walowa pakatikati pa injini, kunsi kwa chivindikiro chachikulu cha mapaipi chija. Ndikaunika pakampata ndikuona kamphuno kake, kofanana ndendende ndi ya m'bokosi. Anthu amenewa anayamba aika sitata pansi, kenako n'kumanga galimoto yonse pamwamba pake.

Ndiye ndayamba kumasula. Ndimakwera pa mpando, n'kugona chafufumimba pa injini, miyendo m'mwamba, odutsa pamsewu amaima n'kumaonerera. Aoneretu. Bawuti ina ukaiona sipanala siifika, ina sipanala ikafika iwe suiona. Ina ndinalimbana nayo kuyambira m'mawa, pomasuka n'kupeza kuti inali ya chinthu china chosafunika kuchotsa.

Kuti ndisasokoneze, ndatenga timasokosi ta Kabatani tomwe tinamuchepera, tija analuka Amayi. Chinthu chilichonse ndikachotsa, mabawuti ake ndimaika m'kasokosi kakekake, n'kukapanira pa chingwe choyanikira zovala, kuyambira ku mtengo kulowera ku khonde. Pobwezera ndidzayambira ku khonde kubwerera ku mtengo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma kuyanika ndimadziwa. Mabowo a injini ndatseka ndi matewera akale kuti musagwere kanthu.

Zala zanga zasupuka, zikhadabo zili bii. Koma pali malo ena dzanja langa likulowa pomwe lanu likanathera pakhomo. Musakwiye. Mitambo yayamba kusonkhana masana, ndipo ndikaiona ndimafulumiza ntchito.

Mkazi wanu

5 Novembala

Mwana wanga,

Ndikukulembera ndili pakhomo pako. Ulendo ndayenda bwino, msana wokhawu. Mdzukulu wanga ndamupeza wonenepa ndi waukhondo, pamenepo mkazi wako sindimunena.

Koma zina ndazionazi! Galimoto udakhetsera thukuta ija ili kukamwa yasa, matumbo ake ena ali pa tebulo lodyera, ena pa bedi. Mkazi wako wada ngati wogulitsa makala. Ndamufunsa, akuti akukonza. Akukonza! Oyandikana nawo nyumba akuti mwina akugulitsa zitsulo chimodzichimodzi iwe kulibe. Ine sindinanene choncho, ndangokuuza zomwe zikunenedwa.

Ndipo ukanaona timasokosi tomwe ndinaluka ndi maso anga okalambawa! Ndatipeza pa chingwe tili thope ndi oyilo, mkati atadzazamo zitsulo, kumwamba kutada, mwiniwake ali kumunda. Ndinati mwanayu watanganidwa, ndimuthandize. Ndinatianula tonse. Zitsulo ndinakhuthulira m'beseni limodzi osataya n'chimodzi chomwe, timasokosi ndinachapa ndi madzi otentha mpaka tinayera. Pobwera iye, m'malo mwa zikomo, anayang'ana chingwe, anayang'ana beseni, khasu n'kumugwa m'manja. Anakhala pansi pa dothi pomwepo. Mpaka pano mawu ake ndi amodzi okha, "Madzi osamba ali ku bafa, Amayi." Kodi kuchapa ndi mlandu?

Mwana wanga, ine sindinabwere kudzalanda mwana wa munthu. Koma iwe unali wamng'ono pomwe mng'ono wako anatisiya tili pa msewu, denga la chipatala tikulionera patali. Kamluzu kam'chifuwa kaja ndimakadziwa. Sindikamveranso kachiwiri manja ali lende. Loweruka la sabata ya mawa ndinyamuka ndi Kabatani, msewu usanatsekeke.

Uzidya mokwanira. Ndine amayi ako.

6 Novembala

Bambo a Kabatani,

Moni wautali sindipereka. Sitata yakale ndinali nditaitulutsa, yatsopano nditailowetsa. Bawuti yakumbuyo kwenikweni ndinaimanga ndi nsonga za zala, osaiona n'komwe. Kunangotsala kubwezera za pamwamba. Lero pa chingwe pali timasokosi toyera topanda kanthu, mabawuti onse ali m'beseni ngati nyemba. Ena aatali, ena aafupi, ena amangosiyana pang'onong'ono. Makaniko anandichenjeza kuti bawuti yaitali ikalowa pa bowo lalifupi imaswa chitsulo, yaifupi ikalowa pa bowo lalitali siigwira.

Amayi akuti amandithandiza. Ine ndikuona ngati achita dala kuti galimoto isalire, atenge mwana. Mulungu andikhululukire ngati ndikuwanamizira. Ayamba kale kupinda zovala zake m'chikwama chawo. Ndikamamuyamwitsa ndimangomuyang'ana. Nditani ine? Lembani, ngakhale mzere umodzi.

Mkazi wanu

9 Novembala

Amake Kabatani,

Lero ndi pomwe ndalandira yanu ya pa 24, lole inafera m'njira. Siyani! Chonde, siyani pomwe mwafikapo. Ndinathamanga nayo kalata kwa mkulu wa amakaniko kuno, anandiseka mpaka kutsokomola. Akuti mkazi wako akunena zoona, pa galimoto zimenezo sitata ili m'mimba, ndipo anyamata ake akamva ntchito imeneyo amadwala mutu onse tsiku limodzi. Nkhani zanga za mbuzi zija muziiwale.

Akuti paipi ya mafuta ikatsala yosamangika bwino, ndi moto. Kanthu kakagwera m'bowo, injini yatha. Galimoto itafa sindingalire, koma inu. Phimbani ndi lona, ndidzaona ndikabwera.

Amayi akafika, apatseni mwana mwaulemu. Ndikudziwa kuwawa kwake, inenso sindinamuone akuyenda. Koma bola kumusowa dzinja limodzi kusiyana ndi zinazo, zomwe sindifuna kulemba.

Mverani ine kamodzi kokha.

Amuna anu

17 Novembala

Mwana wanga,

Ino ndikukulembera ndili kwanga ku tauni, pepala ndatsamiza pa makina. Ufunsa kuti ndabwera bwanji. Dekha, ndikuuza.

Nditatumiza kalata ija, ndinamupeza mkazi wako m'mawa atakhala ndi beseni pamiyendo, akutola bawuti n'kuibwezera, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati, "Iwe mwana, nditukwane kapena undiuze, koma zongokhala chetezi ayi." Ndiye anandifotokozera za chingwe, kuti kuchokera ku mtengo kukafika ku khonde inali njira yake yobwerera. Mayo ine! Zinali ngati munthu walowa muno, wandisakanizira zidutswa za madiresi a eni zomwe ndadula kale, n'kumati ndakusesera m'nyumba. Woteroyo ine ndikanamuponyera nsimbi. Iye anangondiikira madzi osamba.

Ndinati, "Tabweretsa beseni kuno." Tinayala zonse pa tebulo, aatali kwaokha, aafupi kwaokha, onenepa uku, owonda uko. Kenako ndinatulutsa singano yanga yolukira. Iye amakhazika chitsulo pamalo pake, n'kulowetsa singano m'bowo mpaka igunde, ine n'kulemba ndi choko, n'kusankha bawuti yolingana. Munthu amene wayeza ziuno za akwatibwi moyo wake wonse, bowo silingamunamize.

Usaganize kuti zinayenda ngati madzi. Kanati kena komangira bawuti kanapulumuka m'zala zake n'kugwera kunsi kwa mapaipi, tinangomva "ngwe, ngwe," zii. Mawu omwe ananena mkazi wako sindilemba, sindinkadziwa kuti amawadziwa. Tinakavuula ndi maginito anga otolera mapini, titawamangirira ku singano. Tsiku lina anatsala pang'ono kutseka chivindikiro thewera limodzi lili m'bowo, ndine ndinaona kansonga kake. Waya wina anaiwala kuudutsitsa pansi, anamasulanso zonse zomwe anamanga kuyambira m'mawa, akulira koma manja osaima. Ine ndili pa mpando, mdzukulu kumsana, tochi m'manja. "Amayi, unikani apa, osati m'maso mwanga!" Ine kutumidwa ndi mpongozi! Ndipo ndimathamanga.

Lachisanu masana beseni linatsala lopanda kanthu. Anabwezera waya wa batire, ananunkhiza paipi iliyonse ya mafuta ngati galu wosaka, ine ndi mwana anatiimika kutali, kuseri kwa khola. Anapotokola kiyi. Chinakhosomola. Anapotokolanso. Mwana wanga, chinjovu chija chinabangula mpaka mbuzi zinalumpha mpanda! Ndinavina ndi msana wanga womwewu. Aja ankati akugulitsa zitsulo anabwera kudzaona, ndinawafunsa kuti, "Mwabwera kudzagula chiti?"

Loweruka ndinanyamuka monga ndinanenera. Chikwama kumbuyo, ine kutsogolo mdzukulu ali pamiyendo, mpongozi wanga pa chiwongolero atakhalira pilo kuti aone msewu. Amayendetsa ngati wanyamula mazira, udamuphunzitsa bwino. Pamphambano anaima kuti abweze sipanala ya eni. Makaniko anatsegula boneti, anayang'ana, anayang'ana, n'kufunsa kuti wagwira ntchitoyi ndani. Ndinamuyankha ndisanafunsidwe ine, "Ndi mpongozi wanga ameneyo. Mabowo ndinayeza ndine."

Tinadutsira kuchipatala kutenga mankhwala a mphumu opopera m'kamwa. Pakhomo panga ndinatsika ndekha. Zovala za Kabatani ndinali nditazitulutsa m'chikwama m'mawa, iye osaona, n'kuzibwezera mu dengu lake. Atazindikira anafuna kunena zambiri. Ndinati, "Pita, mvula ingakupeze."

Ndayamba kuluka timasokosi tina. Takale tija tinapeza ntchito.

Ndine amayi ako.

27 Novembala

Bambo a Kabatani,

Landirani moni wa chimwemwe. Kalata yanu yoti ndisiye ija ndailandira dzulo. Dalaivala wa lole anandipatsira pawindo pamphambano, ine ndili pa chiwongolero, injini ikulira. Ndinaiwerengera pomwepo. Pepani, ndikanakumverani, koma yachedwa.

Mvula inayamba Lolemba. Kudambo kwadzaza, njinga zonse zikubwerera. Dzulo m'mawa Kabatani anayamba kamluzu kaja, mankhwala opopera sanagwire msanga. Mantha anandigwira ngati kale lomwe, sindinama, ndinathamangira ku galimoto n'kulowetsa kiyi. Koma nditapotokola, chinayankha kamodzi n'kamodzi. Tinaoloka matope akumenya m'zitseko, ndipo pofika kwa anamwino milomo ya mwana inali isanade. Tinabwerako tsiku lomwelo. Pano ali m'tulo, dzanja lili pa khutu langa, n'chifukwa chake zilembo zapendama.

Kalata ija ndinawanena Amayi muing'ambe, ndinawanamizira. Ndinafuna kuwapatsa kambuzi kamodzi, akuti, "Kazidzagona pa makina?" Ndiye ndangowalonjeza kuti ulendo uliwonse wa kusikelo tizidutsira kwawo.

Mkulu wa amakaniko kumeneko mumupatse moni wanga. Anyamata ake mutu ukapitirira kuwawa, anene.

Chatsala chinthu chimodzi. Makaniko akuti fyuluta, yosefera mafuta, nayo ikufunika kusintha, ndipo ndaipeza kale pomwe anaibisa, kuseri kwa tayala lakutsogolo, pakampata konga pakamwa pa botolo. Si yachangu. Ndikudikirani kuti tidzachite limodzi mukabwera. Manja anuwo sangalowepo, koma musadandaule. Inu mudzagwira tochi.

Ndine mkazi wanu,
Amake Kabatani